Mzere wa Pansi pa Chingwe

12 Febuluwale

Mzime, mlongo wanga,

Moni. Uthenga wako unandipeza ndili pamwamba pa makwerero, ndikubwezera mabuku pa shelefu yakumapeto, ija ya mabuku amene anthu anasiya kuwabwereka. Mnzanga wa pa kauntala anabwera n'kugwira makwererowo ndi manja awiri asananene kanthu. Kenako anati, "Tatsikani kaye. Kwanu aimba foni." Nditaona kagwiridwe kakeko ndinadziwiratu. Ndinatsika bwinobwino buku lili m'manja, ndipo bukulo ndinakalipeza m'chikwama changa nditafika kunyumba. Mpaka lero sindinalibweze.

Ndayenda m'maofesi onse, koma akuti mapepala a ulendo atuluka pakapita miyezi. Ndiye mayi aikidwa ine ndili kutsidya kuno, ndikudinda madeti m'mabuku a anthu. Usandiuze kuti palibe kanthu. Kanthu kalipo.

Undilembere zonse, usandisankhire. Anadwala nthawi yayitali bwanji? M'kalata yawo yomaliza anangodandaula za bondo ndi za atsikana a masiku ano amene sadziwa kufinya zochapa. Bambo akudya? Makina osokera aja akulira, kapena ali zii?

Tsono usandiseke. Mbatatesi zili bwanji? Chifikireni uthenga uja, ndikatsinzina sindikuona nkhope ya mayi. Ndikuona msana wawo, atawerama m'kamunda kakuseri kwa khitchini, akulankhula ndi mizere ngati ikuwamva. Ukukumbukira kuti zoyera zofulumira zija ankazitcha Alendo, zofiira zochedwa zija n'kumazitcha Eninyumba? Kuno ndinafotokozera mnzanga wina, anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Uzione, chonde. Ndi chinthu chomaliza chimene manja awo anasiya chili chamoyo.

Upereke moni kwa mlamu wanga.

Ndine chemwali wako.


1 Malichi

Achemwali,

Moni wa kuno, tadzuka, ena bwino ena choncho. Kulemba si ntchito yanga, mukudziwa nokha. Sipanala ndi cholembera zimagwiridwa mosiyana, ndiye muziwerenga mokhululuka.

Mayi sanagone nthawi yayitali. Adokotala anati matendawo anali atakhazikika kalekale m'mimba, ife kuno tikulimbana ndi kupaka mafuta pa bondo. Anakutchulani. Anati, "Amabuku aja musawadzidzimutse, amakhala pamakwerero." Ndiye nditawerenga kalata yanu ndinatuluka panja kaye.

Anthu anabwera ambiri. Ena sindinawaonepo chibadwire, koma aliyense ankati mayi anamupatsapo kenakake. Mayi wina anabweretsa poto amene anabwereka inu musanachoke. Mlamu wanu akuti pakanapanda maliro, poto ameneyo sitikanamuonanso.

Ine ndi mlamu wanu tasamukira kuno, tili m'chipinda chanu chija. Mabuku anu ali bwino, kungoti awiri akuthandiza mwendo wa bedi.

Bambo ndiye nkhani. Akudya pang'ono, koma kulankhula ayi. Makina anawafunditsa nsalu. Anthu akubwera ndi mathalauza awo n'kubwerera nawo. Anatulutsa mpando wawo wosokera uja n'kuuika pakhomo la kukhitchini, ndipo amakhala pamenepo tsiku lonse kuyang'ana kamunda, ngati munthu wodikira basi.

Za mbatatesi zanuzo, nazi. Mizere ya pakhomo ili biriwiri, masamba mpaka m'mawondo. Ya kumunsi, kumpanda kuja, yayamba chikasu ndipo ikugona pansi. Loweruka ndinatenga khasu kuti ndione zapansi. Ndisanalikweze n'komwe, bambo analankhula. Anati, "Pakhomopa usakhudze." Ndinati, "Bwanji, bambo?" Anati, "Ndati usakhudze." Basi, wailesi n'kuzimanso.

Inu ndi amene munkatsatira mayi m'mizere. Ine ndinkati ndikamva khasu likulira, mimba n'kuyamba kupweteka. Ndiye ndiuzeni: ziti zikumbidwe, ziti zitsale, ndipo liti? Mvula ikugwabe.

Mzime.


16 Malichi

Mzime wanga,

Moni, ndipo zikomo chifukwa cha poto uja. Ndinaseka koyamba chichitikireni zimenezi, kenako ndinalira, kenako ndinasekanso. Mabuku a pansi pa bedi uwasiye, akugwira ntchito kuposa ambiri a kuno.

Tamvera tsono, ndikuuze mmene mayi ankachitira, chifukwa sankasintha. Alendo ankawadzala ndi mvula yoyamba, pakhomo penipeni, kuti akafuna zophika angotambasula dzanja. Pakatha miyezi itatu amakhala atakhwima. Ukukumbukira tinkapisa zala m'mbali mwa mzere kuba zoyambirira, n'kukwirira kuti asaone? Ankaona. Ankati, "Mbewa za chaka chino zili ndi zala zisanu." Khungu la Alendo ndi lopyapyala ngati pepala, ndipo sasungika. Mayi ankati, "Awa sakhalitsa. Akafika alandireni, idyani, musawasunge."

Eninyumba ankawadzala mvula itakhazikika, kumunsi kumpanda, kumene sikupondedwa. Amenewo safuna phuma. Umadikira mpaka mitengo yake iume yokha, n'kuidula, n'kudikiranso masabata angapo kuti khungu lilimbe. Ukatero umafukula imodzi n'kuitikita ndi chala chachikulu. Khungu likasendeka, umakwiriranso n'kubwerera kunyumba. Likapanda kusendeka, ndiye kuti zikhala m'dengu mpaka mvula ina. Mbewu ya Alendo ungagule m'sitolo iliyonse ya zaulimi. Ya Eninyumba kulibe kumene imagulitsidwa, ndafufuza ngakhale m'mabuku a kuno. Mayi anabwera nayo atamanga pa mpango, kuchokera kwa amayi awo, tsiku limene analowa m'nyumba imeneyo, ndipo zaka makumi anayi sanaiphonyepo. Ikatha imeneyo, yatha.

Ndiye ukumbe pakhomo, mwamsanga. Kubiriwirako kusakupusitse. Pamenepo ndi pamene timakhuthula madzi otsukira mbale, masamba ake amachedwa kufota. Pansi Alendo anakhwima kale, ndipo ndi mvula imene ukunenayo awola. Chikasu cha kumunsi ndi chimene chikundidetsa nkhawa, chifukwa Eninyumba sayenera kufota pano. Mwina ndi matenda a chiwawu. Ugule mankhwala upopere, koma khasu lisafikeko.

Za bambo, ndikuganiza kuti akulondera mapazi a mayi, osati mbatatesi. Ndawerengapo za anthu ambiri oferedwa amene amakana ngakhale kutsuka kapu imene mnzawo anamwera. Usakangane nawo. Usankhe tsiku limene achokapo. Akapeza thumba ladzaza, n'kudya zimene mayi anadzala, mtima ukhala pansi.

Ndikanakhala pafupi ndikanagwira khasulo ndekha. Undichitireko.

Chemwali wako.


4 Epulo

Achemwali,

Moni ndikupatsani, koma poyambira sindikupaona.

Ndinachita monga munanenera. Lachiwiri linali tsiku lopita ndi bambo kuchipatala cha maso. Ndinapeza anthu awiri aganyu, ndinawalozera kuti kuyambira pakhomo mpaka pa mtengo wa mandimu akumbe zonse, ife n'kunyamuka. M'basi ndinkadziona ngati munthu wanzeru.

Tinabwerako dzuwa litapendeka. Titangokhota pakona ya nyumba, pabwalo panali mulu. Wofiira, achemwali. Psuu. Timbatatesi tating'ono ngati mazira a nkhuku yoyamba kuikira, khungu lili lendelende, tina totemeka pakati. Mayi chaka chino anasintha. Pakhomo anadzala Eninyumba.

Bambo anaima. Kenako anagwada, bambo amene ngakhale kutchalitchi sagwada chifukwa cha chiuno chija. Anatola imodzi n'kuitikita ndi chala chachikulu. Khungu linatsalira pa chala. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwamaliza?" Akanandimenya ndi ndodo yawo ija bwenzi zili bwino. Ndinawadzutsa, analowa m'nyumba, chakudya sanachikhudze.

M'mawa mwake ndinakakumba kumpanda. Alendo anali kumeneko, atakhwima kalekale, theka atawola, fungo losaneneka. Si chiwawu ayi, ankangotiuza kuti takonzeka. Ndiye ine ndinali nditawapopera mankhwala kawiri, ngati munthu wopenta galimoto yopanda injini.

Mzere umodzi wokha wapulumuka, wa pansi pa chingwe choyanikira. Tsiku limenelo mlamu wanu anachapa mabulangete onse a pamaliro n'kuwayanika pamenepo. Aganyu atafika pa mzerewo anamupempha kuti awasunthe. Iye akuti anatuluka ndi chikolopa n'kunena kuti, "Mabulangete amenewa ndawachapa kuyambira m'mawa. Mukangowamwazira dothi lanulo, makasuwo ndikudyetsani." Anthuwo anaulumpha. Ndakhala ndikudandaula za pakamwa pa mlamu wanu chikwatirireni. Ndasiya.

Sindikukuimbani mlandu. Aganyu ndinalemba ndine, ndipo bambo anali atandiletsa ndi pakamwa pawo. Koma mayi anasinthiranji, atachita chimodzimodzi moyo wawo wonse? Ndafunsa, bambo sakuyankha. Mpando ausendeza, tsopano uli kumutu kwa mzere wotsalawo.

Mzime.


6 Meyi

Achemwali,

Moni. Mwezi watha ndikupita ku positi ofesi, mpaka bambo wa pawindo wayamba kundipukusira mutu ndisanalowe. Mwakwiya nane? Ngati mwakwiya nenani, kusiyana ndi kukhala duu. Mukudwala?

Mulu wofiira uja tinayesa kuuyala pamthunzi, koma sunachedwe kuda ndi kufewa. Tinadya zimene tinatha, zina tinagawira anthu. Palibe imene ingafike mvula ikubwerayi. Chiyembekezo chonse chili pansi pa chingwe.

Kalata yanu ija ya malangizo ndinawapatsa bambo, chifukwa anafunsa kuti nzeru yokumba ndinaitenga kuti. Mundikhululukire. Anaiwerenga masiku awiri. Dzulo andipatsa pepala ili kuti ndiike mu envulopu yomweyi. Sindinawerenge, ngakhale mlamu wanu anati tiliunike padzuwa.

Mzime.


5 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Ndine bambo ako. Maso anawakonzako, ndiye ndalemba ndekha. Mizere ikapindika usadabwe, ine ndinazolowera kuwongola ndi singano.

Mlongo wako akuti waleka kulemba. Ndikudziwa chifukwa chake, unatengera ine. Tonse awiri tikalakwa timabisala. Ndiye nditulukeko ndine poyamba.

Mu Novembala, tsiku lina tinauza Mzime kuti tikukagula ulusi. Tinapita kuchipatala. Adokotala anatikhazika pansi n'kutiuza zonse, osabisa. Pobwerera m'basi mayi ako anakhala chakuwindo. Ankangoyang'ana mitambo. Titatsala pang'ono kutsika anati, "A Telala, chaka chino Eninyumba tiwadzala pakhomo."

Ndinakwiya. Ndinati, "Anthu akukuuzani za moyo wanu, inu mukuganiza mbatatesi?"

Anati, "Ndikuganiza za inu. Alendo mwina ndidya nanu. Koma Eninyumba mudzakumba nokha, ndipo ndi chiuno chanucho kumpanda simukafika. Ndiwaika pamene mungawafikire muli pampando."

Ndipo anatero. Anadzala yekha, mzere umodzi kupuma, mzere wina kupuma, ine nditagwira dengu. Tsiku lililonse ankandiphunzitsa ngati mwana wa sukulu: kukwezera dothi, kudula mitengo ikauma, kutikita ndi chala. Ndikalakwitsa ankati, "Zaka zonsezi mwakhala mukudya ndi maso otseka?" Alendowo sanawadye.

Anandilumbiritsa kuti ana asadziwe kuti ankadziwa. Anati, "Amabuku asiya ntchito n'kubwera kudzandiyang'ana ngati chithunzi. Mzime adzigwetsera galimoto paphazi. Asiyeni akhale ndi mayi wa bondo." Ndiye mlongo wako atandifunsa kuti bwanji, yankho linali limodzi lokha, ndipo linali lomangidwa m'lonjezo. Ndikanati ndinene kuti anasintha, mukanafunsa kuti chifukwa chiyani, ndipo ine kunama sinditha. Ndinaganiza kuti mawu a bambo akwanira popanda chifukwa. Kale ankakwanira.

Lero ndaphwanya lonjezolo, chifukwa mbewu yatsala mzere umodzi, ndipo sindifuna kuti ndi ana anga omwe atsale mzere umodzi. Mzime ndimuuza ndekha kalatayi ikapita. Mayi ako akakandifunsa ndidzayankha.

Kalata yako ya malangizo ndaiwerenga. Sunalakwitse kalikonse. Zimene unalembazo ndi zimene anachita zaka makumi anayi. Za mbewa za zala zisanu ndinali nditaiwala. Nditafika pamenepo ndinamva mawu ake m'khitchini, bwinobwino, mpaka ndinacheuka. Palibe wandichitira zimenezo chichokereni iye. Ulembe ina. Ulembe zonse zimene ukukumbukira, ngakhale zopanda ntchito.

Mzere uja mitengo yake yayamba kuuma. Koma ndaona dothi lofukuka kumapeto kwake, ndiye kuti mfuko nayenso wamva mbiri. Pansi pali chiyani sindikudziwa, ndipo sindisuzumira nthawi isanakwane.


23 Meyi

Bambo,

Moni, ndipo pepani. Pepani chifukwa cha mizere ija, ndiponso chifukwa chokhala chete. Ndinalemba makalata ambiri n'kuwang'amba. Iliyonse inkatuluka yokongola kwambiri, ndipo ndinkachita nayo manyazi.

Ndisakubisireni, nditawerenga kalata yanu ndinawakwiyira mayi masiku angapo. Ndikanabwera. Zoona ndikanasiya ntchito, zoona ndikanawayang'ana ngati chithunzi, nanga bwanji? Ndi mayi anga. Kenako ndinawaona m'basimo akuyang'ana mitambo, akuyeza mtunda wochokera pa mpando wanu kufika kumpanda, ndipo mkwiyo unasowa pogwira. Ine ndinkadziwa pamene ankadzala. Sindinaganizepo zofunsa kuti ankadzalira ndani.

Mwati ndilembe zopanda ntchito. Nayi imodzi. Tsiku lokumba Eninyumba, mayi ankasankha mbewu kaye tisanadye ngakhale imodzi. Sankasankha zazikulu. Ankasankha zapakati, zosalala, zokwana m'dzanja langa ndili mwana, ndipo ankandiitana kuti ndikhale muyeso. Nditakula, dzanja litatalika, anati, "Wandionongera sikelo." Chaka chotsatira anayesa dzanja la Mzime, koma linali ndi girisi kale. Mukamasankha, bambo, muzikumbukira dzanja la mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Inanso. Inu mukamasoka masana, mayi ankati akaweruka m'kamunda amaima pawindo kumvetsera makina. Ankati akumva ngati mukusoka diresi kapena thalauza. Ndinkayesa nthabwala, koma sankaphonya.

Mapepala a ulendo atuluka tsopano, pamene maliro anatha kale. Ndapempha tchuthi cha nyengo yodzala. Sindibwera ndi malangizo. Ndibwera kudzagwira dengu.

Mfuko wafika pati? Mundiuze zoona, zikhale zotani. Mumuuze Mzime kuti sindinamukwiyire, ndimulembera payekha. Mlamu wanga mumuuze kuti ndikumubweretsera bulangete.

Mwana wanu.


11 Juni

Mwana wanga,

Moni. Ndine bambo ako. Tonse tadzuka.

Takumba. Mitengo itauma ndinaidula ndi sizasi yanga yaikulu, chifukwa chikwakwa sindichidziwa. Ndiye kunali kudikira. Mlongo wako m'mawa uliwonse asanapite kugalaja ankati, "Lero, bambo?" Ine n'kumati, "Iwe unakumba kale zako." Loweruka ndinafukula imodzi ndi zala, ndili pampando pomwepo, monga anakonzera mwiniwake. Ndinaitikita. Ndinatikitanso mwamphamvu, mwina chala changa chakalamba. Khungu silinasunthe.

Khasu sindinalole. Tinafukula ndi manja, ine kumtunda, apongozi anga, mkazi wa Mzime, kumunsi. Mzime tinamupatsa udindo wogwira dengu, ndipo anaugwira bwino. Apongoziwo ankati, "Taimani mowongoka, a makaniko, imeneyi si injini yoti mukalephera mukankha."

Mfuko anadya gawo lake, pafupifupi kuyambira pa mtengo wa chingwe mpaka kumapeto. Tinkapisa dzanja n'kupeza mphako. Koma kumtunda, kufupi ndi mpando, zinalipo, zofiira bwino, maso akuya, zina zitaunjikana ngati ana pamoto. Ndinasankha ndi muyeso wako uja. Kunena zoona sindinasankhe kwenikweni, chifukwa zinali zochepa. Zazikulu ndi zazing'ono zomwe zalowa m'dengu, mayi ako akhululuka.

Imodzi inali yolumidwa ndi mfuko mbali imodzi, yosasungika. Apongozi anaichekerera, n'kuiphika ndi mchere, tinaigawa patatu. Kukoma kwake ndi komwe kuja. Mzime anati utsi wamulowa m'maso, chonsecho tinali panja.

Lolemba ndinavundukula makina. Munthu wina wakhala akudikira thalauza lake kuyambira Febuluwale, wati m'chiuno ndiwonjezeko chifukwa wanenepa akudikira. Pawindo sindiyang'ana.

Mvula ikadzakhazikika tidzadzala pakhomo, iwe ulipo. Alendo adzapita kumpanda, Mzime adzawathamangira, miyendo ali nayo. Kamunda pano kali mbee, chingwe chili pomwe chija. Mbewu yatsala dengu limodzi losadzaza, yokwanira mizere itatu. Lili pansi pa makina, ndalifunditsa mpango wa mayi ako.